Za Njerwa Zogona m'Udzu

Pa msonkhano wathu wapitawo ku Mzimba panalibe ndi mmodzi yense anakana kuti mphunzitsi wa ana athu ayenera nyumba yabwino. Ena analankhula mokoma ndithu, kotero kuti mlembi anatopa dzanja. Koma njerwa tinaumba cilimwe catha zikali zosaocha, udzu wamera pakati pace, ndipo mvula iri pafupi.

Tikumbutsane za makolo athu. M'caka ca 1915 Boma linacotsa Inkosi Chimtunga Jere pa ufumu, ndi kumpitikitsira kumwera kwa dziko, popeza analetsa anthu ace kupita ku utengatenga wa nkhondo. Angoni ambiri anakhulupira m'mitima kuti mfumu yao yalakwiridwa. Ananena comweco pa moto madzulo, ndi pa maliro, ndi pa mowa. Cikhulupiriro cimeneco cinali coona, koma Bwanamkubwa ku Zomba sanali kuwerenga za m'mtima wa munthu. Cimene cinafika pa tebulo lace ndico mapepala a Mombera Native Association, imene inayamba m'caka ca 1920, m'mene anthu monga Charles Chinula ndi Yesaya Chibambo anasonkhana, nalemba zokambidwa, natumiza pempho, nayankhidwa mozengereza, nalembanso. Nchito yotopetsa, yopanda ulemu, ife alembi tiidziwa. Ndipo m'caka ca 1933 Boma linabvomereza Lazaro Jere, mwana wa Chimtunga, akhale M'mbelwa II, mfumu yaikuru ya Angoni a kuno. Zaka 13 za inki ndi ulendo wa pansi!

Sitinyoza maganizo ai. Munthu wosaganiza aumba njerwa zokhota. Koma ena a ife ayesa kuti kubvomereza mau pa msonkhano ndiko kupereka gawo lao, ndipo apita kwao ndi mtima woyera monga alipira kale. Iwo amene anaomba m'manja kwambiri tsiku lija, maina ao m'buku la zopereka sitiwaona. Akuru anati, walira mvula walira matope. Mphunzitsi akacoka cifukwa ca denga lodontha, ana athu sadzaphunzira kuwerenga ndi zolinga zathu zabwino.

Cifukwa cace tipempha amuna onse afike Loweruka m'mamawa ndi nkhwangwa, tikateme nkhuni ndi kumanga uvuni. A ngolo abwere nazo ng'ombe zao. Pa msonkhano ukudzawo msungi wa ndalama adzawerenga poyera maina a iwo amene apereka.