Kamera ya pakhomo isabweretse moto

Mgodi wa uraniamu wa Kayelekera ku Karonga, womwe udaima mu 2014, udayambanso ntchito mu 2025. Ndalama zikayamba kuyenda, mbava nazo zimatsatira. Mabanja oganiza zoika kamera pakhomo sakulakwa.

Koma pafunika kusamala. Kumaiko a azungu, kamera amailumikiza ku mawaya a belu la pakhomo, omwe kawirikawiri amanyamula mavolti osapitirira 24. Kuno mlendo amangoti "odi", ndipo mawaya a m'nyumba amanyamula mavolti 230. Kulumikiza kamera kumeneko popanda adaputa yake n'kuitana moto kapena maliro.

Kopanda magetsi a Escom, sola ndi batire zimakwanira. Chachikulu n'chakuti ntchitoyi aigwire wamagetsi wa chiphaso cha Mera, osati aliyense wokhala ndi pulayazi.