Wapolisi wabwino sadziwika ndi pepala la kukoleji

Mu Ogasiti 2023, bwanamkubwa wa chigawo cha Pennsylvania ku America, Josh Shapiro, adachotsa lamulo loti ofuna kulowa upolisi wa chigawocho akhale oti adapondako kukoleji. Apatu mkuluyu sadalakwe.

Sikuti tsopano aliyense angolowa chilowelowe ayi. Wofuna ntchitoyi akhale nzika ya America, yokhala ndi satifiketi ya sekondale komanso laisensi yoyendetsera galimoto. Poyamba maphunziro akhale atakwanitsa zaka 21 koma asanafike 40.

Amalemba mayeso, kuyesedwa mphamvu, kufunsidwa mafunso pamakina ogwira wabodza, kufufuzidwa mbiri, kenaka madokotala amamupima thupi ndi maganizo omwe. Akapambana amakasulidwa kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, uku akulandira kangachepe. Akamaliza, malipiro ake amaposa madola 60,000 pachaka.

Nanga ntchito yotereyi imupitirire mwana wa mlimi chifukwa choti makolo adalephera fizi ya kukoleji? Pepala silidaletsepo munthu kulandira chiphuphu kapena kukhapa wosalakwa. Chimaletsa ndi khalidwe.

Chachikulu n'choti sefa yofufuzira khalidweyo isabooke, poti amene wapatsidwa mfuti wapatsidwanso moyo wa anzake.