Wadziwa Likoma yense sitima ikutsitsa katundu

M'minibasi yochokera kwathu ku Chilobwe kupita m'tauni munakwera bambo wina amene anali atangobwera kumene kunyanja. Palibe anawafunsa, koma tonse tinamva. Anakwera Ilala ku Monkey Bay ulendo wa ku Nkhata Bay, ndipo sitima itaima pa Likoma anatsika, n'kuyendayenda, n'kubwerera. Chigamulo chinali chitapsa kale: "Akuluakulu, ku Likoma kulibe mavuto. Anthu amangodya nsomba n'kugona pansi pa mlambe."

Kondakitala, uku akupinda ndalama pakati pa zala, anafunsa kuti, "Munakhalako masiku angati, bwana?" Iwo akuti ayi, sitima inkangotsitsa katundu basi.

Katunduyo ndiye akanayamba kuyang'ana. Matumba a chimanga, simenti, malata, makireti a zakumwa, zonse zimawoloka pamadzi, ndipo aliyense amene anagulapo thumba la simenti akudziwa zimene ulendo umachita pamtengo. Nthaka ya pachilumbapo ndi mchenga ndi miyala, chinangwa ndicho chimalimba mtima. Nkhuni zambiri zimachokera kutsidya, ku Mozambique, poti Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malawi zokhala m'madzi a eni ake. Mwera ukauka cha mu Juni ndi Julayi, msodzi amakhala pagombe n'kumayang'ana bwato lake ngati ngongole. Izi simungazione muli ndi botolo m'manja pamwamba pa sitima.

Sindikunyoza Ilala ayi. Gogo ameneyu anapangidwa ku Scotland mu 1949, anabwera zidutswazidutswa, ndipo wakhala akuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Tchalitchi cha St Peter's nachonso n'chodabwitsadi, makamaka mukaganiza kuti anayamba kumanga mu 1903 pachilumba chopanda msewu wochokera kumtunda. Koma kujambulitsa pakhomo pa tchalitchi si kudziwa anthu opempheramo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wapasitima alibe nthawi yodekha, khutu lake lili kuhutala.

Ife a ku Chilobwe matendawa timawadziwa bwino. Namondwe Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, kunabwera magalimoto akuluakulu, anthu ovala majombo atsopano, makamera pamapewa. Ena anathandizadi, tisabise. Koma ambiri anaima pamwala umodzi, kujambula, kupukusa mutu, dzuwa lisanapendeke anali atapita. Mpaka lero mukati ndimakhala ku Chilobwe, munthu amakuyang'anani ngati mwangotuluka m'matope. Amayi amene amadzuka mbandakucha kukapikula tomato, makalipentala a m'mbali mwa msewu, ana opita ku sukulu atatchena yunifolomu yosita ndi makala, onsewa m'zithunzi zija mulibe. A ku Likoma anawapatsa paradaiso, ife anatipatsa manda, koma ulesi wake ndi umodzi.

Kunjanso n'chimodzimodzi. Masitima akuluakulu a alendo amakocheza ku Reykjavik m'mawa, madzulo n'kunyamuka, ndipo wina amafika kwawo atamaliza kale dziko la Iceland: anthu ake ndi otere, chakudya chawo n'chotere. Chonsecho eni dzikolo atabwera kuno mu 1989 sanathamange. Anayamba ndi za usodzi, kenako zipatala, masukulu ndi mijigo m'boma la Mangochi, ndipo mpaka pano akadali komweko. Amenewo akayamba kunena za Mangochi m'minibasi, ine ndiuza dalaivala achepetse wailesi.