Malaibulale a M'malo Ochitira Kafukufuku Asakhale Nkhokwe Zotseka

Ophunzira ambiri a m'sukulu za ukachenjede tikamva mawu akuti laibulale, maganizo athu amathamangira ku chinyumba chachikulu cha pakoleji, momwe timalimbirana mipando mayeso akayandikira. Ndi ochepa amene amalabadira za malaibulale ena aang'ono amene amapezeka m'malo ochitira kafukufuku. Mumzinda wa Zomba mokha muli Centre for Social Research, yomwe inakhazikitsidwa mu 1979, Centre for Language Studies, yomwe inayamba mu 1996, komanso Forestry Research Institute of Malawi, yofufuza za mitengo ndi nkhalango. Ku Lilongwe kuli Chitedze, komwe kafukufuku wa zaulimi anayamba mu 1948. Ku Thyolo kuli Bvumbwe, ku Mulanje amafufuza za tiyi, ndipo ku Monkey Bay amafufuza za nsomba. Malo otere sangagwire ntchito popanda posungira zolembedwa zawo. M'chimangirizo chino ndikufuna kunena kuti ntchito yaikulu ya malaibulale amenewa ndi kubwezera kwa Amalawi zotsatira za kafukufuku amene anachitika pakati pawo, ndipo laibulale imene ikutumikira akatswiri a pamalopo okha yagwira theka chabe la ntchito yake.

Poyamba tiyeni tione zimene laibulale ya malo ofufuza imachita. Imasunga mabuku ndi magazini a akatswiri okhudza gawo limodzi la maphunziro, kaya ndi ulimi, ziyankhulo kapena chikhalidwe cha anthu. Imabwereketsa mabuku kwa ogwira ntchito pamalopo, imapereka malo owerengera, imajambula masamba pa fotokope, ndiponso imatha kuitanitsa nkhani kuchokera ku laibulale ina ngati iyoyo ilibe. Woyang'anira laibulale amathandiza wofufuza kusakasaka zonse zimene ena analembapo kale pa mutu wake, ndipo amamudziwitsa pakatuluka nkhani yatsopano. Masiku ano laibulale ndiyonso khomo lolowera ku magazini a pa intaneti amene munthu payekha sangakwanitse kulipira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linayambitsa ndondomeko ya HINARI mu 2002, ndipo la FAO linayambitsa AGORA mu 2003, kuti mabungwe a m'mayiko osauka aziwerenga magazini a zaumoyo ndi zaulimi mwaulere kapena pamtengo wotsika. Kuno kwathu malaibulale anagwirizana mu 2003 n'kupanga bungwe la MALICO kuti azisonkha ndalama zolembetsera magazini oterewa pamodzi, pozindikira kuti mutu umodzi susenza denga.

Zonsezi n'zofunika, koma chuma chenicheni cha laibulale yotere sichili m'mabuku ogula kunja. Buku losindikizidwa ku London likasowa, lina limapezeka kwina. Chimene sichipezeka kwina kulikonse ndi malipoti a kafukufuku wa pamalopo: zotsatira za mbewu zimene anayesa m'munda zaka zambiri zapitazo, mayankho amene anthu a m'midzi anapereka pa nkhani ya njala kapena matenda, mindandanda ya mawu imene wina anatolera kwa agogo amene lero kulibe. Malipoti otere kawirikawiri amajambulidwa makope ochepa chabe. Ena amapita kwa amene anapereka ndalama za kafukufuku, ena ku unduna, limodzi n'kutsala pa shelefu. Dziko lathu lili ndi lamulo la mu 1947 lokakamiza aliyense wosindikiza buku kupereka kope ku National Archives ku Zomba, koma lipoti losokedwa ndi waya mu ofesi silidutsa njira ya wosindikiza mabuku, choncho n'kosavuta kuti liphonyeke. Laibulale ya pamalo pomwe linalembedwapo ikapanda kulisamala, palibenso wina amene angalisamale.

Mbiri yathu ili ndi chitsanzo chotiphunzitsa zimene zimachitika zotsatira za kafukufuku zikakhala m'kabati. Mu 1938 ndi 1939, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Dr B.S. Platt linachita kafukufuku wamkulu wa kadyedwe m'midzi ya m'boma la Nkhotakota, lomwe panthawiyo linkatchedwa Kota Kota. Anayeza minda, zokolola, chakudya chimene mabanja ankadya ndiponso thanzi la anthu. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inasokoneza ntchitoyi, ndipo zolembedwa zake zinadzasindikizidwa kukhala buku mu 1992, patadutsa zaka zoposa 50. M'zaka zimenezo dziko linadutsa m'njala ya mu 1949, linalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, ndipo linayambitsa ntchito zambiri zolimbana ndi kunyentchera kwa ana, pamene umboni wa momwe makolo athu ankadyera unali posafikirika kwa anthu ambiri. Mmodzi wa gulu lomwelo, Jessie Williamson, anasindikiza zimene anatolera zokhudza zomera m'buku la Useful Plants of Nyasaland mu 1955. Bukuli lili ndi mayina a zomera m'ziyankhulo zathu, ndipo ofufuza za zomera komanso za chiyankhulo akhala akuligwiritsa ntchito kuchokera nthawi imeneyo. Kafukufuku anali mmodzi, koma gawo limene linafika kwa owerenga ndi limene linabala zipatso msanga.

Pachifukwa ichi, chinthu choyamba chimene ndikupempha malaibulale amenewa ndi kaundula woonekera kwa aliyense. Wophunzira wa ku Mzuzu kapena mlangizi wa zaulimi wa ku Nsanje sangawononge ndalama ya basi kupita ku Zomba kapena ku Chitedze pongoganizira kuti mwina akapezako kanthu. Ayenera kudziwa asananyamuke kuti lipoti lakutilakuti lilipo, analemba ndi uje, m'chaka chakuti. Kuika mndandanda wotere pa intaneti sikufuna chuma chambiri, pakuti pali mapulogalamu aulere a pakompyuta monga Koha ndi DSpace amene anapangidwira ntchito yomweyi. Kusowa kwa kaundula kuli ndi mtengo wake. Wofufuza watsopano amapita m'mudzi womwewo kukafunsa mafunso omwewo amene mnzake anafunsa kale, ndalama n'kuwonongeka kawiri, ndipo anthu a m'mudzimo amafika potopa ndi alendo onyamula mapepala.

Chachiwiri, malipoti akale ajambulidwe n'kusungidwa pakompyuta, m'malo oposa amodzi. Mapepala ali ndi adani ambiri: chiswe, mphemvu, chinyontho, denga lodontha ndi moto. Mu Disembala 2015 moto unapsereza laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa. Anthu akufuna kwabwino anathandiza ndi mabuku ena, koma palibe amene angapereke mphatso ya zolembedwa zimene zinali kope limodzi lokha padziko lonse. Madzi akatayika saoleka. Laibulale yaing'ono ya malo ofufuza ndiyo ili pachiswe kwambiri pa nkhaniyi, chifukwa zambiri zimene imasunga zilibe mnzake kwina.

Chachitatu, ndipo ichi chikutikhudza kwambiri ife a zaziyankhulo, ndi nkhani ya chiyankhulo chimene zotsatira zimatulukiramo. Wofufuza akamapita kumudzi amaonetsetsa kuti mafunso ake amasuliridwa bwino m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao. Chikalata chopempha chilolezo cha wofunsidwa nachonso chimamasuliridwa, poti makomiti oona za ufulu wa anthu pa kafukufuku amafuna kuti munthu avomere chinthu chimene wachimvetsa. Koma lipoti likatuluka limakhala m'Chingerezi chokhachokha, Chingerezi chakenso cha akatswiri. Kodi zikutanthauza kuti ziyankhulo zathu n'zoyenera potenga nzeru kwa anthu, koma n'zosayenera powabwezera? Mayi amene anasiya khasu lake m'munda n'kukhala maola awiri akuyankha mafunso ali ndi ufulu womva chimene chinatuluka m'mayankho ake. Sindikunena kuti lipoti lonse la masamba mazana awiri limasuliridwe ayi. Tsamba limodzi kapena awiri a chidule, olembedwa m'chiyankhulo cha dera limene kafukufuku anachitikira, ndi okwanira kuti mlangizi, mphunzitsi, mfumu kapena mtolankhani wa wailesi ya m'dera awagwiritse ntchito. Laibulale ndiyo ingasunge ndi kugawa zidule zimenezi, ndipo ophunzira a zomasulira angathe kuzilemba ngati mbali ya maphunziro awo, aphunzitsi awo akuwaunikira.

Alipo amene angatsutse maganizo angawa, ndipo mfundo zawo si zopeputsa. Ena akuti malaibulale amenewa anakhazikitsidwa kuti atumikire ofufuza a pamalopo, ndipo kawirikawiri wogwiramo ntchito amakhala mmodzi kapena awiri, kotero kuti sangathe kulandira chikhamu cha ophunzira. Izi n'zoona, komabe kutsegula khomo sikutanthauza kulowetsa aliyense nthawi ina iliyonse. Masiku awiri pasabata, kalata yochokera kwa mphunzitsi, ndi lamulo lakuti malipoti awerengedwe pomwepo osatuluka nawo, zingathe kuteteza laibulale popanda kuthamangitsa owerenga. Komanso lipoti likaikidwa pa intaneti, anthu chikwi angaliwerenge popanda ndi mmodzi yemwe kuponda pakhomo.

Ena akuti malipoti ambiri ndi a mabungwe amene analipira kafukufuku, ndipo muli zinsinsi za anthu ofunsidwa. Zinsinsi za anthu ziyenera kutetezedwa ndithu, ndipo mayina a oyankha mafunso asamaonekere. Koma kubisa dzina la munthu n'kosiyana ndi kubisa zotsatira. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi aboma, lomwe aphungu anavomereza mu 2016 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2020, likutikumbutsa kuti zosungidwa ndi mabungwe aboma mwini wake ndi anthu. Malo ofufuza akamasainirana mgwirizano ndi opereka ndalama, aziikamo mfundo yakuti pakatha nthawi yakutiyakuti kope la lipoti lidzakhala mu laibulale kuti aliyense awerenge.

Palinso anzanga ena amene amati zonse zili pa intaneti, choncho laibulale n'chinthu chachikale. Intaneti imangokupatsa chimene wina anaikapo. Lipoti lotayipidwa m'zaka za m'ma 1980 lonena za kaufiti m'minda ya chimanga silingadzikweze lokha pa intaneti. Pafunika munthu wodziwa kuti lilipo, wolisamala, wolilemba m'kaundula ndi kulijambula, ndipo munthu ameneyo ndi woyang'anira laibulale. N'chifukwa chake ndimaona kuti ndi kulakwitsa kwakukulu kuti ndalama zikachepa, laibulale ndiyo izikhala yoyamba kumanidwa. Aliyense wolemba bajeti ya kafukufuku amaikamo mafuta a galimoto ndi ndalama zogonera m'malo ogona alendo. Aziikamonso kandalama kosungira ndi kufalitsira zotsatira, pakuti kafukufuku amene palibe angamupeze ali ngati chimanga chimene chakololedwa n'kusiyidwa kumunda.

Pomaliza, ife ophunzira tili ndi mbali yathu. Tisamadikire kuti tifike m'chaka chomaliza, nthawi yolemba kafukufuku wathu itatithera, ndiye n'kumathamangathamanga. Tipite m'malo amenewa, tikafunse mwaulemu zimene ali nazo, pakuti safunsa anadya phula. Tikapatsidwa mwayi wowerenga, tisathothole masamba kapena kulemba m'mabuku, chifukwa khalidwe lotere ndilo limapatsa oyang'anira chifukwa chotsekera zitseko. Ndipo tikamaliza kafukufuku wathu, tisiye kope ku laibulale yoyenera, pamodzi ndi chidule cha m'chiyankhulo cha anthu amene anatiyankha mafunso. Aphunzitsi athu nawo angathandize poika ulendo wa ku malaibulale otere m'ndondomeko ya maphunziro a kachitidwe ka kafukufuku. Laibulale imene owerenga akuifunafuna n'kovuta kuimana ndalama, ndipo n'kovutanso kuitseka.