Dambo Likauma, Mawu Aumanso

M'mwezi wa June, pa nthawi ya tchuthi, ndidapita kwathu ku Bwanje m'boma la Ntcheu. Tsiku lina m'mamawa, chisanu chikuluma zala, agogo anga aamuna adanditenga kupita kudambo kukaona mbalame. Ine ndidanyamula buku lachingerezi la zithunzi za mbalame lomwe ndidabwereka kwa mnzanga. Iwo adangotenga ndodo yawo.

Titafika, nkhungu idali isanachoke pamadzi. "Iwe, taona mumtengomo," adatero agogo. Mudali chisa chachikulu ngati mtolo wa nkhuni. "Cha nantchengwa chimenecho. Ife tili ana, akuluakulu ankatiletsa kuchiphwasula." Kenaka adandionetsa atsekwe, achipweyo olira ngati mluzu, ndi akakowa otsatira ng'ombe. Nditafunsa za anamzeze, adati ambiri amabwera ndi mvula. Buku lidavomereza: ena mwa iwo amachokera ku Ulaya ndipo m'chisanu chathu amakhala atabwerera. Pa mbalame zonse zomwe tidaona, ine wophunzira za ziyankhulo ndidatha kutchula m'Chichewa ziwiri zokha, kakowa ndi nkhwazi. Ndidachita manyazi.

Maganizo anga m'nkhani ino ndi akuti kuteteza madambo ndi ntchito yathunso ife a ziyankhulo, osati a zachilengedwe okha.

Poyamba, dzina la mbalame silikhala lokha. Limanyamula nthano, miyambi, zikhulupiriro ndi nzeru zodziwira nyengo. Chiletso chokhudza chisa cha nantchengwa wina angachitche zamakedzana, koma chidateteza mbalameyo kopanda mlonda kapena chindapusa. Mwana amene sadaione mbalameyo sangasunge dzina lake, ndipo dzina likaiwalika, chiletsocho chimapita nalo limodzi.

Chachiwiri, madambo akucheperachepera. Agogo adandiloza malo amene kale padali bango ndi madzi chaka chonse. Lero ndi madimba okhaokha. Ngakhale Nyanja ya Chilwa idaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Dziko lathu lidalowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo mu 1997, ndipo Chilwa ndiyo idali malo oyamba kulembedwa. Dambo la Elephant Marsh ku Chikwawa ndi Nsanje lidatsatira mu 2017. Koma madambo ang'onoang'ono ngati lakwathu sadalembedwe paliponse. Owasunga ndi anthu oyandikana nawo basi.

Ena anganene kuti kuyendera mbalame ndi masewera a azungu ndi anthu okhuta. Mlimi wa mpunga amaona mpheta ngati mdani, ndipo pa nthawi ya njala mbalame ndi ndiwo. Izi nzoona, ndipo sindikuti anthu asiye kulima m'dambo. Ndikuti mlimi ndi mlenje ndiwo akatswiri. Amadziwa nthawi imene mbalame iliyonse imaikira mazira ndi kumene imagona. Malamulo a kasakidwe amamveka bwino akafotokozedwa ndi mayina amene iwowo amagwiritsa ntchito. Ukauza munthu kuti asaphe mbalame yomwe waitchula m'Chingerezi kapena m'Chilatini, angokuyang'ana.

Nanga tichitenji? Bungwe la Centre for Language Studies ku Zomba lidatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja m'chaka cha 2000. Idali ntchito yotamandika, koma palibe buku limene lingatolere mawu onse a m'midzi. Ndikupempha aphunzitsi athu kuti pa tchuthi azitituma kukalemba mayina a mbalame a kwathu, kalongosoledwe ka mbalamezo ndi zonse zimene akuluakulu amanena za izo. Wa ku Bwanje, wa ku Kachulu ndi wa ku Nsanje akayerekeza zomwe apeza, tidzaona kumene mayina amafanana ndi kumene amasiyana. Amenewo ndi maphunziro enieni a chiyankhulo, ndipo safuna ndalama zambiri: kope, cholembera ndi kudzichepetsa.

Pobwerera kumudzi tsiku lija, kope langa lidali ndi mayina amene ndidali ndisanawalembepo chibadwire. Agogo adaliyang'ana nati, "Ulembe msanga, mdzukulu wanga. Anzanga odziwa zimenezi atsala ochepa." Paja akulu adati mawu a akulu akoma akagonera. Mantha anga ndi akuti tikazengereza, podzawafuna tidzapeza eni ake ndi mbalame zomwe kulibe.