Laputopu ikafa, musalole kuti aifomate musanapulumutse mafayilo



Lero tisiye kaye za mtengo wa Rand ndi mizere ya pa Beitbridge, tikambe za laputopu imene ambirife tikuyenda nayo m'chikwama. Tinaigula yakale ku Johannesburg kapena ku Kariakoo, koma ofesi yathu yonse ili mmenemo: ma invoice, malisiti a kasitomu, mndandanda wa amene ali nafe ngongole, zithunzi za katundu, makope a pasipoti ndi mapepala a galimoto. Tsiku lina imangokana kutsegula Windows. Timathamangira kwa wokonza, ndipo mawu amene timamva kawirikawiri ndi awa: "Musadandaule bwana, tingoifomata n'kuikamo Windows yatsopano, pofika madzulo ikhala bwino."

Ife tikuti mawu amenewo tiziwakana. Laputopu ikasowa timagula ina. Koma mndandanda wa ngongole ukapita, wokongola uja sadzabwera yekha kudzatikumbutsa. Komanso a msonkho ali ndi mphamvu yobwera kudzaona mapepala katundu atadutsa kale pa boda, ndipo ku South Africa a SARS amafuna kuti wamalonda asunge zolemba zake kwa zaka 5. Kunena kuti "kompyuta inafa" sikuchotsa mlandu.

Tiyambe tamvetsa chimene chimavuta. M'kati mwa hard drive yachikale muli timbale timene pa malaputopu ambiri timazungulira maulendo 5,400 pa mphindi imodzi. Pamwamba pa timbaleti pamayandama kamutu kowerenga, ndipo mpata wapakati pake ndi wochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi. Ndiye taganizirani laputopu yoyaka ili pamiyendo m'basi kapena m'thiraki, tayala n'kugwera m'dzenje. Kamutu kaja kakakhudza mbale kamaikanda, ndipo zimene zinali pokandikapo zimawonongeka. China ndi magetsi. Malaputopu akale ambiri batire lake linatha, ndiye magetsi akathima mwadzidzidzi kompyuta ili m'kati molemba, zolembazo zimasokonekera.

Matenda ake alipo awiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Oyamba tiwayerekeze ndi sitolo imene katundu yense alimo koma buku la sitoko lasokonekera. Kompyuta ikuiona hard drive, ilibe phokoso lachilendo, koma sikudziwa kuti fayilo iliyonse ili pati. Apa ndi pamene pamatuluka uthenga woti disiki ikufunika kufomatidwa. Musadine. Mafayilo anu nthawi zambiri amakhala akadalimo. Kufomata ndi kutaya buku la sitoko lija, ndipo kuikamo Windows yatsopano ndi kutsitsira katundu wina pamalo pamene panali wanu. Fayilo imene pamalo pake palembedwa china sibwereranso, ngakhale mutapita nayo kwa katswiri wotani.

Achiwiri ndi pamene chitsulo chenichenicho chawonongeka. Mumamva kuti tiki, tiki, tiki m'kati, kapena kompyuta ikutenga theka la ola kutsegula foda imodzi, kapena siikuiona n'komwe hard drive. Zikatere zimitsani pomwepo. Kuyatsa mobwerezabwereza kuti "mwina ulendo uno itheka" kuli ngati kupitiriza kuyendetsa injini imene yatha oilo. Nthawi iliyonse imene mwayatsa, chokandika chija chikukula.

Pali malangizo ena amene amayenda pakamwa amene tiyenera kuwasiya. Kuika hard drive m'firiji kumalowetsa chinyontho. Kuimenyamenya kumangoonjezera bala. Kuitsegula ndi sikuludalaivala pa benchi ya mumsika ndi kuipha, chifukwa kafumbi kamodzi n'kokwanira kukanda mbale. Ngakhale chkdsk, imene okonza ambiri amaikonda, si yoyambira pa hard drive imene ikudwala. Ntchito yake ndi kuwongola buku la sitoko, ndipo powongolapo imatha kudula zidutswa za mafayilo amene mukuwafuna, kwinaku ikuitopetsa disiki yofooka kale.

Tikudziwa zimene ena anene: "Ife mawa tikunyamuka, laputopu ikufunika pa Mwanza, za kupulumutsa mafayilo zitenga masiku." N'zoona, ulendo sudikira. Koma pali njira imene imasunga zonse ziwiri. Muuzeni wokonzayo achotse hard drive yakaleyo osaikhudza, aikemo SSD yatsopano, Windows aiike pa yatsopanoyo. Laputopu mwaitenga tsiku lomwelo, ndipo iziyenda mwachangu kuposa kale. SSD ilibe chozungulira m'kati, choncho mabampu saivutitsa ngati inzake ija. Yakaleyo muikulunge bwino, muisiye kunyumba, mudzaione mukabwerako. Mwaonjezera mtengo wa SSD, koma simunataye kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dziwani chabe kuti pa malaputopu ena opyapyala chosungira mafayilo chinawotcheredwa pa bolodi ndipo sichichoka. Pamenepo ndiye kukana kufomata n'kofunika koposa.

Nthawi yopulumutsa mafayilo ikakwana, funsani mmisiriyo mmene agwirire ntchito. Musachite manyazi, paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Wodziwa ntchito ayankha motere. Choyamba, aona thanzi la disiki. Hard drive iliyonse imasunga yokha mbiri ya mavuto ake, yotchedwa SMART, ndipo pulogalamu yaulere ngati CrystalDiskInfo imaiwerenga m'mphindi zochepa. Chachiwiri, akopera disiki yonse pa ina yabwino, yofanana nayo kukula kapena yoposerapo, asanayese kukonza chilichonse. Pulogalamu ya ddrescue inapangidwira zimenezi: imayamba yatenga malo onse owerengeka bwino, kenako n'kubwerera ku malo ovuta. Chachitatu, kufufuza konse achitira pa kope ija, osati pa disiki yodwalayo. TestDisk imatha kubwezeretsa magawo a disiki amene asowa. PhotoRec imatola mafayilo ngakhale buku la sitoko litatheratu, kungoti amabwera opanda maina awo akale, ndiye mudzakhala pansi kuwasankha. Ziwiri zonsezi n'zaulere. Chachinayi, zopulumukazo aziika pa disiki ina. Wokonza amene akufuna kuika pulogalamu yofufuzira pa hard drive yomwe yavutayo, kapena kubwezera mafayilo pomwepo, mutengereni katundu wanu mwaulemu.

Ngati ikulira tiki tiki, imeneyo si ya pa benchi. Imafuna makampani okhala ndi chipinda chopanda fumbi, ndipo oterowo amapezeka m'mizinda ngati Johannesburg ndi Cape Town. Mtengo wake umatha kuposa wa laputopu yomwe, komanso palibe amene angalonjeze kuti zonse zibwerera. Apa muchite masamu ngati wamalonda: zimene zili m'katimo n'za ndalama zingati? Ngati ndi nyimbo ndi mafilimu, zisiyeni. Ngati ndi ngongole za anthu makumi awiri ndi mapepala a zaka zitatu, pitani nayo. Auzeni akupatseni mtengo asanayambe, ndipo akuonetseni mndandanda wa mafayilo amene apezeka musanamalize kulipira.

Amene muli kale ndi SSD musagone tulo. Siiopa mabampu, koma imatha kufa osachenjeza, popanda phokoso lililonse. Ndiponso SSD imafufuta yokha malo amene mwachotsapo fayilo, choncho mukaifomata mwayi wobweza zinthu umachepa kwambiri.

Palinso BitLocker, loko wa Windows amene amabisa zonse za pa disiki. Malaputopu ambiri atsopano, ndi amene anachokera m'makampani, amakhala naye mwini wake osadziwa. Mukachotsa disiki yotere n'kuilumikiza pa kompyuta ina, imafuna kiyi wa manambala 48. Kiyiyo nthawi zambiri amasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene inalowetsedwa pa laputopuyo. Ngati akauntiyo ndi ya mwini wake wakale, mavuto. Popanda kiyi, ngakhale a chipinda chopanda fumbi aja sangatsegule. Onani lero, laputopu ikadali yamoyo, ngati lokoyu ndi woyatsa. Ngati ndi woyatsa, lembani kiyiyo papepala musunge pamodzi ndi mapepala ofunika kunyumba.

Sitikunena kuti okonza makompyuta ndi akuba. Ambiri amachita zimene tawapempha. Tikafika tikunena kuti "ndikufuna iyake lero" kwinaku tikunenerera mtengo, iwo asankha njira yachidule. Mawu oyamba potula laputopu pa kauntala azikhala akuti, "Muli mafayilo ofunika, musafomate." Mukumbukirenso kuti amene akupulumutsa mafayilo anu akuona zonse: makope a pasipoti, manambala a makasitomala, za kubanki. Pitani kwa munthu amene anzanu akumudziwa, ndipo ntchito ikatha musinthe mapasiwedi.

Chotsika mtengo pa zonsezi ndi kukhala ndi makope vuto lisanabwere. Odziwa za makompyuta amati fayilo yofunika izikhala malo atatu: pa laputopu, pa disiki kapena fulashi yapadera, ndi kwina kutali. Akaunti ya Google imapereka 15 GB ulere, ndipo ma invoice ndi mndandanda wa ngongole sizingadzaze malo amenewo msanga. Disiki yapaderayo isamayende m'chikwama chimodzi ndi laputopu, chifukwa chikwama chikabedwa kapena kunyowa zonse zapitira limodzi. Musadalirenso WhatsApp yokha, poti foni nayo imatayika.

Samalaninso ndi mafulashi otchipa modabwitsa amene amagulitsidwa m'misewu. Ena amalembedwa kukula kwabodza: kompyuta imaonetsa malo ambiri, mafayilo amaoneka ngati alowa, koma tsiku lowafuna satseguka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza fulashi yonse n'kuiwerenganso, ndipo yabodza imagwidwa. Amene timapikula mafulashi kukagulitsa kwathu, tiziyesako angapo tisanalipire katoni yonse, kuti tisakagulitse tsoka kwa anzathu.

Nthawi yochitira zimenezi tili nayo. Timakhala maola, mwinanso masiku, pa Beitbridge, Chirundu, Nakonde ndi Songwe tikudikira mapepala. Pa mzere wotsatira, galimoto itaima, tsegulani laputopu, kopereni foda ya bizinesi pa fulashi, ndipo netiweki ikapezeka muitumizenso pa intaneti. Mukatero muizimitse kaye injini isanalire.

Muyende bwino nonse, mukafike ndi katundu wanu.