Mwana akadwala, malipilo anu asadwale nawo

Matenda a mwana sapangana ndi kalenda ya kunchito. Lelo thupi latentha, mwathamangila ku cipatala ca Kanyama kapena Matero. Sabata yamawa adokota ati mubwelenso. Pakapita mwezi, cifuwa cayambanso. Tsiku limodzi apa, lina apo, ndipo kumapeto kwa mwezi mupeza pa payslip alemba kuti munajomba, ndalama adula.

Ine ndiona kuti ambili timaluza cifukwa sitidziwa gawo 40 la Employment Code Act ya 2019. Ngati mwasewenza miyezi 6 kapena kuposa, muli ndi masiku ofika 7 pa caka osamalila mwana, mkazi, mwamuna kapena wina amene mumasunga akadwala, ndipo malipilo sakhudzidwa. Abwana angapemphe kalata ya adokota, ndi ufulu wawo. Palinso masiku ena 3 a nkhani za cisamalilo, umoyo kapena sukulu, monga aja oitanidwa ndi ahedi. Onsewa sacotsedwa pa livu yanu ya pa caka. Komanso sasungika: Disembala ikatha, otsala apita.

Manje tiyeni ku masamu. Powelengela ndalama za livu, lamuloli limagawa malipilo a mwezi ndi 26. Tinene kuti mumafola K2,600 pamodzi ndi ma alawansi. Tsiku lanu ndi K100. Akakudulani masiku awili mu Malichi, limodzi mu Juni, awili mu Okutobala, simumva kuwawa kwenikweni, kaili ni pang'ono pang'ono. Koma yapita K500. Masiku onse 10 ndi K1,000, ndalama yoti pa lendi ya mu komboni imaoneka.

Povuta ndi pa theka la tsiku. Lamulo limakamba za masiku, pamene mzele wa ku kiliniki nthawi zambili umadya cabe kuseni. Mwafika kunchito 13 hours, mwasewenza mpaka kuweluka, koma mu buku alemba tsiku lathunthu. Mukatelo kasanu ndi kawili, masiku anu 7 atha, cikhalilenico munapumula atatu ndi theka. Apa ndinganene kuti gwilizanani ndi abwana musanapite, ndipo cimene mwagwilizana cilembedwe, olo ni pa WhatsApp. Sungani kabuku: deti, maola, na kalata ya ku cipatala. Ofesi ya Labour ikafunsa umboni, mau a pakamwa sakufikitsani patali.

Cimene cimandinyong'onya ndi cakuti lamuloli limagwila bwino kwa amene ali ndi kontilakiti na payslip. A kondakita amene akutolelani ndalama pamene muwelenga izi, na adalaivala awo, amadya cotsala pa cashing ya tsiku. Mwana wawo akagonekedwa ku UTH, basi imapatsidwa wina kuseni komweko, ndipo palibe cogawa ndi 26.